Kanyenyezi Kofiira

Anditulira makatoni asanu ndi anayi
ochokera m'kachipinda ka pansi pa masitepe,
momwe chiswe chakhala chikuwerenga mayina
zaka makumi atatu popanda malipiro.
Akuti pofika Lachisanu onse akhale atalowa m'kompyuta,
amene anaphunzira pano ndi amene amatiponyera kangachepe,
kuti denga la laibulale likayamba kudontha
abwana azidziwa chitseko chokagogoda.

Pulogalamuyi ili ndi timabokosi toyera,
ndipo tina tavala kanyenyezi kofiira:
apa usadumphe.
Dzina. Chaka chomaliza maphunziro. Imelo.
Kunja minibasi za ku Limbe zikukuwa pa Chichiri,
ine ndikulimbana ndi inki yomwe mvula ya kale inasambitsa.

Elube Namaona ndamupeza katatu.
Poyamba ndi Namaona wa zauinjiniya, mtsikana yekha m'kalasi mwake;
kenako Mayi Chikapa a ku Namiwawa, cheke cha zikwi makumi asanu;
kenako Namaona kachiwiri, keyala ya ku Bangwe.
Kompyuta ikufunsa: kodi ndi munthu mmodzi? Ndiwaphatikize?
Ndadina inde.
Ukwati wonse ndi kutha kwake
zalowa mumzere umodzi popanda ankhoswe.

Pali a Twaibu Saiwala, osoka nsapato ku Ndirande.
Sanapondepo m'kalasi muno.
Mwana wawo ndiye ankaphunzira, namwalira m'chaka chachitatu,
koma mwezi uliwonse pa teni
foni ya ofesi imalira: zikwi ziwiri.
Opereka ali m'magulu, golide, siliva, mkuwa,
ndipo zikwi ziwiri sizifika ndi pamkuwa pomwe.
Ndawaika pa "ena".
Pamalo a ndemanga ndalemba kuti: muziwapatsa moni.

Magetsi athima leveni koloko.
Mayina makumi anayi omwe sindinasunge
abwerera m'katoni osatsanzika.
Podikira jenereta Dorika akusenda nachesi,
akuloza khadi lina ndi chigongono:
uyu ndi dokotala ku Ulaya tsopano,
imelo ukamutumizira imabwerera yokha ngati nkhuku madzulo.

Katoni yachisanu ndi chiwiri, pansi penipeni,
khadi lachikasu lodyedwa pangodya.
Fyson Nkhwangwa, analowa 1988.
Chithunzi chakuda ndi choyera, tayi wooneka wobwereka,
makutu angawa.
Pa chaka chomaliza wina anangokoka mzere ndi rula.
Kunyumba tinkamva kuti sukulu inawatopetsa.
Apa, m'mbali, ndi pensulo: fizi.

Bambo anga,
amene ankandiperekeza mpaka pageti koma osalowa,
akuti nsapato zawo zadzaza fumbi la ku Chilomoni.
Amene anagulitsa njinga, kenako wailesi,
kenako malata asanu ndi limodzi omwe ankadikira khitchini,
kuti pa dzina langa pasadutse rula.

Ndalemba dzina lawo chilembo ndi chilembo.
Ndadina kusunga.
Kanyenyezi kofiira kakana:
chaka chomaliza n'chofunika.
Ndayesa khomo la opereka.
Uko akufuna kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya lisiti.
Njinga ilibe lisiti.
Pali kabokosi kena pansi, "anamwalira",
ako sikavuta, kamalandira aliyense,
womaliza ndi wosamaliza yemwe.

Faifi koloko. Dorika watseka mawindo, wapita.
Phiri la Soche lafunda chifunga.
Ndatsegula tsamba langa,
Tiyanjane Nkhwangwa, anamaliza 2016,
ndatsikira pomwe palembedwa "ubale",
ndawamangirira pamenepo ngati mwana kumbuyo,
ine amene ankandinyamula pakhosi powoloka Mudi.
Kompyuta yaganiza pang'ono,
kagudumu kakuzungulira, kakuzungulira.
Yavomera.

Alowa.
Fumbi lonse lili kumapazi.

Mawa ndiyamba katoni yachisanu ndi chitatu,
ndipo ndikudziwa kuti muli mizere ina ya rula yomweyo,
ya anthu opanda mwana muofesi muno.
Khadi lachikasu lija sindinabwezeremo.
Lili m'chikwama,
pakati pa chiphaso cha ntchito ndi ndalama ya minibasi.