Muvi Woloza Kolakwika

Funso lachinayi linandigoneka ndi njala.
Mabatire awiri, marezisita asanu,
mizere yokhotakhota ngati tinjira ta ku Kawale,
ndipo a Kaliwo m'kalasi anangoti,
"Pezani karenti yodutsa apa,"
n'kufufuta bolodi ndisanathe kukopera.

Magetsi anathima cha m'ma seveni.
Ndinadziseka ndekha:
wophunzira zamagetsi kuwerenga ndi tochi ya foni.
Ndinawerengetsera kanayi,
kanayi konse yankho likubwera ndi kamzere kochotsera patsogolo
ngati ngongole ya kuokala.
Karenti ingachepere bwanji ziro?
Ndinang'amba pepala.
Zione anatembenukira kukhoma, nati, "Tagona iwe."

Loweruka ndinapita ku Mchesi,
kuseri kwa akalipentala, kumene utuchi umalowa m'nsapato,
m'kachipinda ka a Dzoole okonza mawayilesi.
Fungo la mtovu wosungunuka.
Makanema akufa osanjikizana mpaka kudenga,
eni ake anawataya mtima kalekale.

Buku langa sanaliyang'ane n'komwe.
Diso lili pa kawaya, anafunsa:
"Wanyamuka ndi zingati kwanu?"
Faifi sauzande.
"Kondakitala wadya zake, wakabaza zake.
Masana udya tchipisi, madzulo ukweranso.
Ukakafika pakhomo, m'thumba mutsala chiyani?"
Mphepo, bambo.
"Ndi zomwezo. Batire yakupatsa,
rezisita iliyonse ikudula gawo lake,
ukazungulira n'kubwerera pomwe unayambira
kaundula akhale ziro.
Mavoti awa sasowa m'njira, si a pachisankho."
Anaseka okha mpaka kutsokomola.

"Nanga pa raundabauti unaonapo galimoto yolowa osatuluka?
Zitatu zikalowa, zitatu zituluke,
kaya ziwiri za ku Biwi, imodzi ya m'tauni.
Pamphambano ya mawaya sipagona mlendo."

Apo ndinatulutsa pepala lomata ndi selotepi.
Analiyandikiza kumaso, milomo ikuyenda.
Nthawi inapita.
Panja wina ankapala thabwa, kwee, kwee.

"Muvi uwu anajambula ndani?"
Ine.
"Anakuuza ndani kuti karenti ikulowera uko?"
Ndinangoganiza.
"Ndiye ukulira chiyani? Nambala waipeza.
Masamu akungokukodola mwaulemu:
mwana iwe, ikupita uku."
Chikhadabo chawo chopserera chinatembenuza muvi wanga.

Sindinakhulupirire, iwo anaona.
Anazula marezisita m'wayilesi ya munthu wina,
tamizeremizere tofiira, tabulauni, tagolide,
tinalumikiza seketi yonse pa kathabwa.
Ndinagwira zingwe za mita, manja akunjenjemera.
Ziro, kadontho, ziro, folo,
ndi kamzere kaja patsogolo, kosachita manyazi.
"Sinthanitsa chofiira ndi chakuda."
Ndinasinthanitsa.
Kamzere kanazimirira. Folo anakhala.

Mausiku atatu ndikudana ndi yankho lolondola.

Kenako anandikankhira katoni ya sopo ndi bolopeni.
"Tandilembera mmene amalembera kwanuko,
ndi zilembo zija, V, I, R.
Ine ndinalekera Fomu Thu.
Zala zimadziwa, koma pepala limandiopsa."
Ndinalemba pang'onopang'ono, mzere umodzi, wina pansi pake,
iwo akutsatira ndi nsonga ya sikuludiraiva.
Pa mzere wachitatu anandigwira dzanja:
"Apa waiwala rezisita yapakati, imadya mbali zonse."
Analondola.

Ndalama anakana.
"Ungasokoneze kaundula, n'kugona panjira."

M'minibasi ndinawerenga okwera ndi otsika
siteji iliyonse, ngati wamisala,
mayi wa dengu la tomato kundiyang'ana cham'mbali.
Ndinafika Zione akuchapa.
Ndinakhuthula thumba pampando:
kiyi, utuchi, kachidutswa ka waya,
ndi thu handiredi yopindika.

Thu handiredi.
Pali rezisita ina ndailumpha penapake,
ndipo mimba ikudziwa kuti ndi iti.