Ngodya Zotsala ku Magaba

Lata limabwera la sikweya,
koma ndowa imafuna tsinde lozungulira.
Mlandu wanga wa tsiku ndi tsiku ndi umenewo
kuno ku Magaba, kuseri kwa mafulati a Mbare,
kumene nyundo zimakangana dzuwa lisanasambe m'maso.

Ndimalemba mizere iwiri, ngodya ku ngodya,
pokumana pake ndikhoma msomali.
Waya wa sipoko uzungulire kamodzi,
basi, seko yabadwa m'mimba mwa sikweya,
yakhudza mbali zinayi, iliyonse pang'ono pokha,
moni wa mkamwini kwa apongozi.

Sizasi ikatha kudya
zimagwa pansi ngodya zinayi zakuthwa.

Dzulo Ndaziona wabwera ndi kope la masamu,
wakhala pa chigubu, yunifolomu ili fumbi.
Akuti, ababa, pa magawo asanu a lata lanu
limodzi ndi kanyenyeswa mumataya.
Ndati, zala zanga zinadziwa kalekale,
onani zipsera.

Waseka, watenga choko, wajambula pa chivundikiro.
Mzere wodutsa pakati, kuchoka uku kufika uko,
thirayango yakhala pamenepo,
mutu wake wagunda m'mphepete.
Akuti, usunthireni kulikonse mutuwo,
kumanzere, kumanja, pafupi ndi pothera,
ngodya yake sisintha.
Ndakana.
Ndatenga sikweya yanga yachitsulo, ndayeza kasanu.
Kasanu konse mwana wandigwetsa.

Usiku sindinagone.
Ndimaona bambo anga, a Jailosi,
phazi limodzi ku Ntcheu, lina ku Harare,
mutu ukuyenda m'mphepete:
fodya wa ku Mazowe, njanji, khitchini la mzungu ku Avondale,
kenaka chipinda chimodzi cha anthu asanu ndi awiri.
Konseko ankaima mowongoka chimodzimodzi,
chitupa chikunenabe kuti mlendo.

Kodi ndife seko ya m'kati mwa mzindawu,
yokhudza makoma mwaulemu, malo anayi okha?
Kapena ndife zija zogwa pansi?

M'mawa uno ndatola ngodya zija,
monga ndimachitira chilowereni ntchitoyi.
Ndapinda nsonga, ndaboola, ndakhomera m'milomo ya ndowa.
Amenewo ndiwo makutu,
mokolowekamo chogwirira.

Mayi wina wa ku Glen View watenga ziwiri,
wanenerera mtengo m'Chishona, ndamuyankha m'Chishona.
Wanyamuka, ulendo wa ku mjigo.
Madzi onse a banja lake lero
alendewera pa zotsala.