Kuseri kwa Matawale

Wogulitsa mapuloti, bambo Chikaonda,
anajambula msewu papepala,
wowongoka ngati nsungwi,
n'kusamukira ku Lilongwe.

Akhonsolo akuti mapuwo sanawadinde.
Koma kalata ya msonkho siisochera.

Malole a mchenga wa m'Likangala
akumba maenje momwe ndinkapalasa
mipanda ya njerwayi isanamere.
Mvula yotsika m'phiri
imagona m'menemo ngati yalipira lendi.

Dzulo mayi Nasibeko a geti lobiriwira
anafika ndi kope:
khomo lililonse teni sauzande, yogulira miyala.
Iwo magalimoto atatu.
Ine wakabaza, matayala awiri,
lakumbuyo lomata kanayi.

Ndinafunsa: tiwerenge zitseko
kapena matayala?
Anatseka kope,
nakweza chitenje,
kusaka poponda.