Maulalo a Rigoberto

Rigoberto Ampuero atapuma pa ntchito
sanasiye chithunzi pakhoma, ngakhale kapu.
Anasiya fayilo imodzi m'kompyuta ya muofesi,
dzina lake: Ukasowa pogwira.

Ndinaitsegula Lachinayi usiku,
mvula ikukwera masitepe a Valparaíso kuchokera kudoko,
makontena mazana atatu ali njo pa sikirini yanga
osadziwa ola lotsikira m'sitima.
Pulogalamu yanga inali itataya ola limodzi,
ndipo ola limodzilo linameza ndandanda yonse ya mawa.

Maulalo makumi asanu ndi awiri.
Pansi pa ulalo uliwonse, mzere umodzi wa mawu ake,
wouma ngati moni wake wa m'mawa.
Pa buku la chinenero chomwe timalembera mapulogalamu analembapo:
Werenga kaye, kenako ubwere udzandisokose.
Pa malamulo a momwe makompyuta amayankhulirana:
N'zotopetsa. Koma sizinama.

Ndinaponda wachitatu, unathyoka.
4-0-4, palibe munthu pano.
Wachisanu ndi chinayi unandiwolotsera kwa ogulitsa nsapato.
Wina mwini wake anasamuka osatsanzika,
nyumba yagwa, udzu wamera pakhomo,
koma mzere wa Rigoberto ukadalozabe komweko:
Uyu amafotokoza bwino kuposa ine.
Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana bwinjalo
ngati kuti wina atulukamo.

Khofi anazizira. Galu wa pa kona anauwa, n'kusiya.

Wa nambala makumi atatu ndi chimodzi unali moyo:
malongosoledwe a laibulale ya masiku ndi mawotchi,
zilembo zing'onozing'ono, zopanda chithunzi ngakhale chimodzi.
Ndinatsika nazo ngati wotsika chitsime.
Pansi penipeni, ndime yomwe maso aulesi amailumpha:
sunga nthawi pa wotchi imodzi ya dziko lonse,
uimasulire pokhapokha munthu akafuna kuiona,
pakuti maboma amasuntha mivi ya wotchi
osafunsa pulogalamu yako.

Ndipo pansi pa ulalowo, iye:
Ndinalirira pano mu Epulo. Iwenso udzalira.

Ndinaseka ndekha, mphuno ikuchucha.

Analemba ndimeyo ndani?
Dzina palibe. Malipiro mwina analibenso.
Mwina mayi wina kudziko la chipale,
mwana atagona pamwendo, dzanja limodzi pa kiyibodi,
iyenso atapsa kale ndi ola lomweli,
n'kunena kuti, wobwera pambuyo panga asapsenso.
Wina anadzakonza chitsanzo cholakwika.
Wina anangoikapo kachizindikiro kopumira kamene kanasowa,
n'kupita kukagona.
Anthu osadziwana, kulambula njira imodzi
yomwe eni ake sadzayendamonso.

Mizere isanu ndi umodzi ndinasintha, basi.
Makontena anayamba kuyenda m'modzim'modzi
ngati anthu odzuka pa benchi ya chipatala.

Kunja kutayera, sitima inalira kudoko,
fungo la buledi likukwera kuchokera kwa a Nolberto.
Ndinafuna kumuimbira Rigoberto ku Quillota
komwe akuti masiku ano amakangana ndi mitengo ya mapeyala,
koma ndikumudziwa, akanangoti:
Ndiye unawerenga mochedwa.

Lolemba kukubwera mtsikana watsopano, Fresia,
wa manja othamanga, wofunsa makina asanafunse buku.
Sindimuletsa. Nanenso ndimafunsa.
Koma fayiloyi ndimupatsa yonse,
ndi maulalo othyoka omwe,
adziwe kuti panali anthu pamenepa
ndipo zinthu za pa intaneti nazonso zimafa.

Ndawonjezera wanga, wa makumi asanu ndi atatu,
wa zilembo za maina zomwe makina amazisandutsa zinyalala,
monga í wa m'dzina la mzinda wathu.
Mzere wa pansi pake wandivuta.
Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso.
Pomaliza ndangoti:
Apa ndi pomwe ndinachedwa kudya, kawiri.