Mpeni wa Ngowe

Ku msika wa Eliava, m'mawa wa chisanu,
Tbilisi akadali m'chifunga,
ndinafika ndi zidutswa ziwiri m'chikwama
ngati munthu wodzinyamulira yekha mlandu.

Otari sanafunse dzina langa.
Anakweza chidutswa pa kuwala,
chala chikutsata mng'alu mpaka pomwe unathera.
"Sowo ya matabwa iyi," anatero.
"Mano akuluakulu, otalikirana ngati angawa,"
n'kuseka, nkhama zonse poyera.
"Akiriliki wa mamilimita awiri salumidwa.
Amanyengereredwa."

Ndinaulula za makina a mlamu wanga Gela,
momwe analirira m'khitchini,
pulasitiki n'kusungunuka kumbuyo kwa mpeni,
bala n'kudzimatanso lokha,
fungo n'kutithamangitsira pakhonde.

"Liwiro limabala moto.
Ukafuna sowo, tenga ya mano ang'onoang'ono, othinana,
ngati yodulira chitsulo,
uziyenda nayo ngati woperekeza wodwala.
Koma iwe ukudula mokhota?"
Ayi, mizere yowongoka inayi basi.

Anafukula pansi pa misomali ndi mahinjesi
kampeni kachabechabe, kamlomo wa ngowe,
malari asanu.
Ndinachita manyazi ndi kuchepa kwake.
Ndinali nditakonzekera kugula chinthu cholemera.

Usiku, pa tebulo lodyera,
lula yachitsulo nditaipana ndi chigongono,
pepala loteteza ndisanalisende, monga anandilangiza,
ndinakoka. Kweee.
Kaulusi koyera kanapiringizika n'kugwa.
Kachiwiri. Kachitatu dzanja linafuna kukanikiza,
ndinalikaniza.
Kachisanu ndi chiwiri, kangalande kanaoneka.

Ndinasendeza mzere m'mphepete mwa tebulo,
mpweya ndili gwi,
chikhatho pamwamba,
thyo!
Mawu amodzi okha, oyera,
osati kulira kwa dzana kuja.

Ngodya imodzi inatsala ndi kadzino.
Tupa inakadya, sandipepa wonyowa anamaliza.
Chala changa chamanthu chinachekeka pang'ono,
sindikudziwa nthawi yanji.

M'mawa Nutsa anabweretsa bokosi lake,
agulugufe khumi ndi mmodzi a ku Kojori,
mayina atawalemba ndi pensulo, ena molakwitsa.
Ndinalowetsa chivundikiro m'mipata yake,
ndinasenda pepala pang'onopang'ono.

Anayang'ana, tsinya pamphumi.
"Simunaikepo kanthu, bambo."
Anatambasula chala kuti akhudze phiko la buluu lija,
chala n'kuima m'malere,
go.