Nsalu Yogona Cham'mbali

Ndodo za felemu n'zazifupi.
Ndayeza kawiri, kachitatu ndachita kuvala magalasi:
nsalu yapitirira ndi zikhatho zisanu ndi chala.
Yotamu, kalipentala wa ku Glen View,
akuti zazitali angandisemere pa madola khumi ndi awiri,
koma chipinda chathu kuno ku Mabvuku
chadzaza kale ndi bedi la ababa, njinga yawo ya olumala, ndi ine.
Ndodo yotero ingatulukire pazenera.

Basi ndaitembenuza nsaluyo.
Thambo lapita kudzanja lamanzere,
nthaka kudzanja lamanja,
msewu umene unayenera kuyenda chopingasa
tsopano ukukwera ngati utsi.

Ndapeza pakati pa nsalu poipinda, ndaikapo kadontho ka choko.
Pakati pa ndodo ndalembanso.
Madontho awiriwo apsompsonane kaye,
kenako singano iyambire pomwepo,
kusokerera kumka uku, kubwerera pakati, kumka uko.
Ukayambira kumapeto, makwinya amakudikira kutsogolo.
Anandiphunzitsa zimenezi Mayi Chiwoniso a ku Tafara,
zikhomo za nsalu zili pakamwa,
moti theka la mawu awo sindinalimve.

Ndikukulunga pang'onopang'ono.
Harare, amene ndinamupeta chilimwe chatha m'manja,
maluwa a jakaranda timitanda zikwi zinayi,
walowa mumpukutu wam'munsi, wabisala.
Dedza akadali mbee mumpukutu wam'mwamba,
timabowo tokhatokha topanda ulusi.
Chotsala pamaso panga ndi kawindo ka zikhatho ziwiri:
Nyamapanda, mzere wa malole, mayi wogulitsa malambe.

Ndakunga zomangira zinayi zija za ku Siyaso.
Chimodzi chimalira.
Ndagogoda nsalu ndi chikhadabo, yayankha ngati kang'oma,
koma m'mphepete mwakhwefuka,
nsalu yotambalala imatero, imatopera m'mbali.
Ndadutsitsa ulusi wolimba, kuzengereza kuthabwa,
kukoka, kudutsitsanso,
monga timangira nsapato za mwana wopita kusukulu.

Kuvuta kwake n'kuwerenga.
Pepala la chithunzi nalonso ndaligoneka,
ndipo mwendo wapamwamba wa kamtanda kalikonse
uyenera kupendekera komwe anzake a ku Harare anapendekera,
apo ayi kuwala kudzandiulula
tsiku lomwe nsalu idzaimirire.
Lachiwiri ndinamasula mzere wathunthu.
Magetsi anathima ndili pakati pa tayala la basi.

Msewuwu ine sindinauyendepo.
Ndinabadwira kuchipatala cha pano, Chichewa changa chili ndi fumbi la simenti.
Ndimapeta zimene ababa ankanena akali ndi mawu ambiri,
asanagwe pageti la fakitale,
dzanja lamanja n'kukhala la munthu wina.

Usiku uno ndapukusa ndodo kawiri.
Nyamapanda wamira, Tete watulukira.
Ndayamba mlatho ndi ulusi wofiira,
khosi langa litapindika ngati la nkhuku yoyang'ana kabawi.

Kumbuyo kwanga bedi lalira.
Ndinali nditawagoneka cham'mbali, monga anenera anamwino,
nkhope kuloza kuno, pilo pakati pa mawondo.
Kwa iwo thambo lili kumwamba.
Kwa iwo basi ikuyenda pansi, bwinobwino, kuloza kwawo.

"Nangozo."
Papita milungu itatu asanatchule dzina langa.
"Mlatho... si wofiira."

Ndiye ndi wotani, ababa?

Ayang'ana nthawi yaitali.
Kunja kombi yomaliza ikuitanira anthu a m'tauni.
Mlomo wawo ukufunafuna mawu
monga singano ifunira bowo kunsi kwa nsalu,
kugogoda apa, kugogoda apo.

"Wotuwa. Ngati... phulusa."

Ulusi wotuwa ndilibe.
Mawa ndikwera kombi, ndikaufune m'mashopu a mumsewu wa Mbuya Nehanda.
Pakali pano ndatenga lumo,
ndikudula timitanda tofiira makumi atatu ndi tiwiri,
kamodzikamodzi,
iwo akundiyang'anira ntchito.