Zimene Sefa Imakana

Usiku wonse njere makumi asanu zagona m'madzi ozizira
kuti zifewe, zileke kundithawa pagalasi.
Kunja chipale chofewa chakwirira njanji ya ku Kostanay,
nkhokwe zachitsulo zaima phee ngati anthu pamaliro.
Ine Tolganai ndili ndi lumo, kachopanira,
ndi diso limodzi pamaikulosikopu.

Ndimayamba ndi malaya akunja.
Amasupuka ngati khungu la chala chopsa ndi ketulo,
ulusi wokhawokha, mapuloteni ake ongolawitsa.
Pansi pake pali mzere wa timaselo,
umodzi basi, toyalana ngati njerwa.
Apa dzanja limayamba kunjenjemera.
Mapuloteni a muno amasungunuka m'madzi, ena mpaka uthire mchere.
Sadziwa kugwira mtanda, safufumitsa buledi,
koma timaseloti n'tamoyo. Tangogona.

Kenako mimba yoyera ija.
M'mphepete mapuloteni ali thithithi,
ukamalowa m'kati amanka nachepa, sitachi n'kulanda malo.
Muno mumakhala pachibale posamvana:
giliyadini wofatsa, amapita kumene wamukokera,
gulutenini wamakani, ukamukoka amabwerera.
Madzi akawayanjanitsa m'beseni
ndiwo mtanda uja mayi ankaumenyetsa pathebulo Lachisanu,
ukuwakaniza, iwo akuutukwana mwachikondi.
Komatu maselo a muno anafa kalekale.
Anadzaza, anakhuta, n'kufa.

Kumunsi kuli kamtima,
kochepa ngati diso la singano, konona.
Pa magawo ake anayi, limodzi ndi mapuloteni.
Kawiri konse kandipulumuka n'kugwera pansi pa mpando.

Bambo anga a Sagyndyk agaya tirigu zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Chifuwa chawo chimalira ngati chitseko chosowa mafuta.
Iwo alibe galasi.
Amaponya njere zodzaza chikhatho m'kamwa,
kutafuna, kutafuna, maso ali kudenga,
mpaka kutsale kachingamu kotuwa.
Amakatamula ndi zala: “Uyu ndi khumi ndi zinayi.”
Ine ndi makina anga, patatha masiku atatu:
khumi ndi zinayi ndi kadontho.
Amaseka mpaka chifuwa kuwagwira.

Lamlungu, tikumwa tiyi wamkaka, ndinawauza.
Ndinati, Bambo, chinyezi chikafika m'nthaka
kamtima kamatuma mawu ku mzere wopyapyala uja,
mzerewo n'kutulutsa timipeni tosaoneka
toduladula chuma chonse cha m'mimba yoyera
kuti mphukira idye isanaone dzuwa.
Zonse zamoyo m'njereyi sefa yanu imazikana.
Zimapita ndi gaga.

Anazunguza kapu. Anayang'ana pawindo.
“Kamtima kamawawitsa ufa,” anatero.
“Miyezi iwiri, thumba lanunkha, wogula wabweza.”
N'zoona. Sindinatsutse.
Ndinawathirira tiyi wina.

M'mamawa ndinawapeza kukhola
akuthirira gaga kavalo wathu wamkazi,
uja wakana kufa nyengo zozizira makumi awiri ndi zitatu.
Anapisa dzanja m'ndowa, kununkhiza,
kenako kunyambita, mobisa ngati mwana pashuga.
Anaima choncho nthawi yaitali,
nthunzi ikutuluka m'mphuno zawo ndi za kavaloyo
n'kusakanikirana pansi pa denga.
“Kani n'chifukwa chake, nkhalamba iwe,” anamuuza.
Ine sanandione, kapena anachita dala.

Lero ndili panjere ya makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi.
Timbale tinayi ta pulasitiki tandandalika,
aliyense ndi dzina lake lolemba ndi pensulo.
Ka mzere uja sikanadzaze ndi pansi pomwe.
Lumo labuntha, khosi lauma,
ndipo m'thumba la jasi ndapezamo gaga wodzaza dzanja,
wokulunga m'pepala la risiti ya chigayo.
Sanalembepo kanthu.